Moyo wa Hattie McDaniel ndi Filimu ya Gone with the Wind

Mawu oyamba

Filimu ya Gone with the Wind idatuluka m'chaka cha 1939, pa nthawi imene ntchito yopanga mafilimu ku Hollywood, m'dziko la America, idali pachimake. Anthu ambiri akamakamba za filimuyi amatchula Vivien Leigh ndi Clark Gable, omwe adasewera mbali zikuluzikulu. Nkhani ino ikukamba za Hattie McDaniel, mayi wachikuda yemwe adasewera mbali ya Mammy, kapolo wogwira ntchito m'nyumba. Mbali imeneyi idamupatsa mphoto ya Oscar, yoyamba kulandiridwa ndi munthu wakuda, ndipo mbali yomweyo idamudanitsa ndi ena mwa anthu a mtundu wake mpaka tsiku la imfa yake. Tiona za kubadwa kwake, mmene filimuyi idapangidwira, chiyankhulo chimene olemba adayika m'kamwa mwa Mammy, komanso zimene filimuyi ikuchititsabe masiku ano. Mfundo yathu ndi yakuti McDaniel adali ndi luso lotha kupatsa moyo mbali yopanikiza, koma mphamvu yosankha mawu idali m'manja mwa ena, ndipo nkhondo yaikulu ya moyo wake idali yofuna kutenga mphamvu imeneyo.

Kubadwa ndi kukula kwake

Hattie McDaniel adabadwa pa 10 June 1893 mu mzinda wa Wichita, m'chigawo cha Kansas. Iye adali chitsirizira m'banja la ana 13. Makolo ake onse awiri, Henry McDaniel ndi Susan Holbert, adabadwira mu ukapolo. Bambo ake adamenya nawo nkhondo yapachiweniweni ya ku America, ya 1861 mpaka 1865, ku mbali ya asilikali akumpoto omwe adagonjetsa zigawo zakumwera zosunga akapolo. Adachoka kunkhondoko thupi litawonongeka, ndipo adatha zaka zambiri akulimbana ndi boma kuti liwapatse penshoni yokwanira. Mfundo imeneyi ndi yofunika kuikumbukira chifukwa mwana wa msilikali ameneyu ndi yemwe pambuyo pake adadzatchuka posewera kapolo wokhulupirika kwa anthu amene bambo ake adalimbana nawo.

Banjali lidasamukira ku Colorado ndipo lidakhazikika mu mzinda wa Denver. Kumeneko Hattie adaphunzira sukulu limodzi ndi ana achizungu, koma sadamalize sekondale. Mtima wake udali pa kuyimba ndi kuchita zisudzo, monga momwe adalili abale ake Otis, Sam ndi Etta. Zisudzo zimene zinkayenda malonda nthawi imeneyo zidali za mtundu wa minstrel. Zisudzozi adaziyambitsa ndi azungu omwe ankadzipaka zakuda kumaso n'kumatsanzira anthu akuda monyoza, ndipo anthu akuda ofuna kudya za luso lawo ankakakamizika kulowa m'magule omwewo. Hattie adaphunzirira ntchito m'magulu otere.

M'zaka za m'ma 1920 adayenda ndi gulu loyimba la George Morrison, ndipo adayimba pa wailesi ya KOA ku Denver, zimene zidali zosowa kwa mayi wachikuda. Pakati pa 1926 ndi 1929 adajambula nyimbo za blues ndi makampani a Okeh ndi Paramount, zina mwa izo zopeka yekha. Chuma cha America chitagwa mu 1929 ntchito idatha, ndipo adapezeka akusamalira chimbudzi cha amayi pa malo ena achisangalalo pafupi ndi mzinda wa Milwaukee. Eni malowo atamva mawu ake adamulola kukwera pansanja, ndipo adakhala woyimba wawo.

Kulowa mu Hollywood

Mu 1931 McDaniel adatsatira abale ake ku Los Angeles. Adapeza kaganyu pa wailesi, koma malipiro adali ochepa kotero kuti ankagwiranso ntchito yochapa ndi kuphika m'nyumba za azungu. Atayamba kuoneka m'mafilimu mu 1932, mbali zimene ankapatsidwa zidali zomwezo za moyo wake wa tsiku ndi tsiku: wophika, wochapa, wolera ana. Akuti adaoneka m'mafilimu oposa 300, koma dzina lake lidalembedwa m'mafilimu 80 ndi mphambu zochepa chabe.

Ngakhale zidali choncho, owonera adayamba kumuzindikira. Mu Alice Adams ya 1935 adasewera wantchito waganyu yemwe akuperekera chakudya monyinyirika, akutafuna chingamu, pa phwando la banja lachizungu lofuna kudzionetsa ngati lolemera. Owonera ankaseka banjalo, ndipo azungu ena akumwera adakhumudwa poona wantchito wopanda mantha chotero. Mu Show Boat ya 1936 adayimba limodzi ndi Paul Robeson. Adaseweranso ndi Clark Gable mu China Seas ya 1935 ndi Saratoga ya 1937. Pofika nthawiyi adali atapeza njira yakeyake: ankalandira mawu a wantchito monga adalembedwera, koma maso ake, kaimidwe kake ndi kakwezedwe ka liwu zinkasonyeza munthu wodziwa zambiri kuposa abwana ake.

Mmene filimuyi idapangidwira

Buku la Gone with the Wind adalemba ndi Margaret Mitchell wa ku Atlanta. Lidatuluka mu 1936 ndipo lidapata mphoto ya Pulitzer mu 1937. Nkhani yake ndi ya Scarlett O'Hara, mwana wa mwini munda waukulu wa thonje wotchedwa Tara m'chigawo cha Georgia, amene akulimbana ndi nkhondo, njala ndi chikondi. Patangopita mwezi umodzi bukuli litatuluka, David O. Selznick adagula chilolezo cholisandutsa filimu pa mtengo wa madola 50,000.

Ntchitoyi idakumana ndi zokhoma zambiri. Kusaka woti asewere Scarlett kudatenga zaka ziwiri, ndipo amayi pafupifupi 1,400 adayesedwa asadasankhe Vivien Leigh wa ku Britain. Clark Gable adali pa mgwirizano ndi kampani ya MGM, choncho Selznick adachita kumubwereka, n'kupereka kwa MGM ufulu wogulitsa filimuyo. Sewero loyamba adalemba ndi Sidney Howard, koma lidalembedwanso kambirimbiri ndi anthu ena, kuphatikizapo Ben Hecht. Gawo la kupsa kwa mzinda wa Atlanta lidajambulidwa pa 10 December 1938 potentha zomanga zakale za mafilimu ena, monga za King Kong. Kujambula kwenikweni kudayamba pa 26 January 1939 motsogozedwa ndi George Cukor, yemwe adachotsedwa pasadathe mwezi. M'malo mwake mudalowa Victor Fleming, ndipo iyenso atatopa kwambiri, Sam Wood adagwirizira kwa masabata angapo. Filimu yonse idadya madola pafupifupi 3.9 miliyoni, idajambulidwa ndi njira yoonetsa mitundu ya Technicolor, ndipo kutalika kwake ndi pafupifupi maola anayi.

Anthu akuda adayamba kuda nkhawa kujambula kusadayambe. Iwo ankakumbukira The Birth of a Nation ya 1915, filimu yomwe idatamanda gulu lachiwembu la Ku Klux Klan n'kuthandiza kuti lidzukenso. Buku la Mitchell nalo limaonetsa ukapolo ngati nthawi yamtendere imene akapolo ankakonda ambuye awo. Nyuzipepala za anthu akuda komanso bungwe lomenyera ufulu wawo la NAACP, lotsogozedwa ndi Walter White, adalembera Selznick. Dzina la Ku Klux Klan silidatchulidwe mufilimu, ndipo liwu lina lonyoza kwambiri anthu akuda, lomwe lili mbwee m'bukumo, lidachotsedwa m'sewero. Koma mtima wa nkhaniyo udakhala momwemo. Akapolo a ku Tara sakwapulidwa, sagulitsidwa, ndipo amene ali ndi mbali zooneka mufilimuyi sasonyeza kulakalaka ufulu.

Mbali ya Mammy inkafunidwa ndi amayi angapo, mmodzi mwa iwo Louise Beavers. McDaniel adapita kokayesedwa atavala yunifolomu ya wantchito wa m'nyumba, ndipo adasankhidwa.

Chiyankhulo cha Mammy

Kwa ife ophunzira za ziyankhulo, gawo ili ndi lofunika kulilingalira mofatsa. M'buku la Mitchell, azungu olemera akamayankhula mawu awo amalembedwa m'Chingerezi cha m'mabuku, ngakhale kuti nawonso adali ndi katchulidwe kawo kakumwera kosiyana ndi ka ku New York kapena ku London. Akapolo akamayankhula, malembo amapindidwa, zilembo zimadulidwa, mpaka wowerenga amachita kuvutika kuti amve. Kalembedwe kotere kamauza wowerenga, munthu asadanene chilichonse cha nzeru kapena chopusa, kuti uyu ndi wapansi. Choncho tsankho limayambira pa kalembedwe ka mawu.

Akatswiri a ziyankhulo, monga William Labov m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, adaonetsa kuti Chingerezi cha anthu akuda a ku America chili ndi malamulo ake okhazikika. Mwachitsanzo, liwu lakuti be likaikidwa patsogolo pa mneni limasonyeza chinthu chochitika kawirikawiri, kusiyana ndi chochitika pa nthawi imodzi. Chimene Hollywood inkayika m'kamwa mwa antchito sichidali chiyankhulo chimenechi monga eni ake amachiyankhulira. Chidali chotsanzira chochokera ku zisudzo za minstrel, chopangidwa kuti azungu aseke.

McDaniel adakulira ku Colorado ndipo sankayankhula ngati munthu wa m'minda ya thonje ya ku Georgia. Selznick adalemba ntchito Susan Myrick, mtolankhani wachizungu wa ku Macon, Georgia, mnzake wa Mitchell, kuti aphunzitse osewera kayankhulidwe ndi makhalidwe akumwera. Motero mwana wa akapolo ankawongoleredwa ndi mzungu mmene kapolo amayenera kumvekera. Tionenso kuti Mammy alibe dzina, m'buku ngakhale mufilimu. Liwu lakuti Mammy ndi la ntchito yake yolera ana a abwana. Sitiuzidwa za makolo ake, mwamuna wake kapena ana ake.

M'malire opapatiza amenewa McDaniel adachita zodabwitsa. Kumayambiriro kwa filimu akumanga Scarlett chovala cha m'chiuno uku akumukalipira kuti adye asadapite kuphwando, ndipo zikuonekeratu kuti m'nyumba yonse ndi iye yekha amene akudziwa zimene mtsikanayo akubisa mumtima. Nkhondo itatha, Scarlett atang'amba makatani kuti asoke diresi yokanyengera Rhett Butler, ndi Mammy amene akuona chinyengocho n'kumuperekeza kuti amuyang'anire. Rhett yemwe, munthu wosaopa aliyense, akufunitsitsa kuti Mammy amulemekeze. Gawo lopambana onse lili kumapeto. Mwana wa Rhett ndi Scarlett, Bonnie, wafa atagwa pa kavalo. Mammy akukwera masitepe ndi Melanie, akumufotokozera mmene makolo a mwanayo atukwanirana ndiponso mmene Rhett wadzitsekera m'chipinda ndi mtembo. Owonera saona mkanganowo, amangoumva kudzera m'mawu ndi misozi ya Mammy. Chiyankhulo chomwe chidapangidwa kuti chiziseketsa chidanyamula chisoni chachikulu cha filimu yonse, ndipo ambiri amavomereza kuti gawo limeneli ndi lomwe lidamupezetsa mphoto.

Ku Atlanta ndi ku Ambassador Hotel

Filimuyi idaonetsedwa koyamba pa 15 December 1939 ku Loew's Grand Theatre mu mzinda wa Atlanta. Malamulo atsankho a ku Georgia sankalola akuda kukhala pamodzi ndi azungu, choncho McDaniel, Butterfly McQueen, Oscar Polk ndi anzawo sadapiteko. Pa zikondwerero za sabata imeneyo kwaya ya tchalitchi cha Ebenezer Baptist idayimbira alendo achizungu itavala ngati akapolo, ndipo mmodzi mwa ana oyimbawo adali Martin Luther King Jr., ali ndi zaka 10.

Pa 29 February 1940 mwambo wopereka mphoto za Oscar udachitikira ku Ambassador Hotel mu Los Angeles. Hoteloyi sinkalandira anthu akuda, ndipo Selznick adachita kupempha kuti McDaniel alowe. Adamukhazika pa tebulo laling'ono m'mbali mwa khoma, kutali ndi anzake a mufilimu. Kuchokera pamenepo adanyamuka kukalandira mphoto ya mayi wosewera bwino mbali yothandizira, ataposa ena kuphatikizapo Olivia de Havilland, yemwe adasewera Melanie. Filimuyi idapata mphoto zisanu ndi zitatu zopikisana ndi ziwiri zapadera. Padapita zaka 24 kuti wosewera wina wakuda, Sidney Poitier, apambane pa mpikisanowu mu 1964, ndipo padapita zaka 51 kuti mayi wina wachikuda, Whoopi Goldberg, apambane mu 1991.

Mkangano ndi anthu a mtundu wake

Walira mvula walira matope. Mphoto ija sidasinthe mbali zimene McDaniel ankapatsidwa, ndipo idamuika poyera pomwe aliyense akadatha kumuloza chala. Anthu ena akuda adanyadira kupambana kwake, pamene ena adachita zionetsero pa makomo a nyumba zoonetsera filimuyi m'mizinda monga Chicago ndi Washington. Mu 1942 Walter White adapita ku Hollywood kukapempha eni makampani kuti aleke kuonetsa anthu akuda ngati antchito ndi zitsiru zokhazokha. McDaniel adaona kuti White akukambirana ndi azungu za tsogolo la osewera akuda popanda kufunsa eni ake, ndipo awiriwa adadana kwa zaka zambiri. Yankho lake kwa omudzudzula lidali lakuti kusewera ngati wantchito n'kulandira malipiro abwino kudali bwino kusiyana ndi kukhala wantchito weniweni wolandira zochepa, ntchito imene iye adali ataigwirapo.

Mbali zonse ziwiri zidali ndi mfundo. White ankaona kuti zithunzi zimene anthu mamiliyoni amaonera zimaumba maganizo awo, ndipo mwana wachizungu woona Mammy yekhayekha adzakula akukhulupirira kuti malo a mayi wachikuda ndi kukhitchini. McDaniel ankaona kuti akakana mbalizo sipakhala zina zabwino zomudikira. Chomvetsa chisoni n'chakuti makampani atayamba kuchepetsa mbali za antchito sadabweretse zina m'malo mwake, ndipo ntchito ya McDaniel m'mafilimu idayamba kuzilala. Mu In This Our Life ya 1942 adapeza mwayi wosowa wosewera mayi wa mnyamata wofuna kuphunzira zamalamulo yemwe akunamiziridwa mlandu, koma mu 1946 adaonekanso ngati wophika mu Song of the South, filimu ya Disney yomwe idadzudzulidwa kwambiri.

Kunja kwa filimu iye sadali Mammy. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adatsogolera gulu la osewera akuda osangalatsa asilikali. Adagula nyumba yaikulu m'dera la West Adams Heights, lotchedwanso Sugar Hill, ku Los Angeles. Azungu ena a m'deralo adakasuma pofuna kuthamangitsa mabanja akuda, potengera mapangano akale oletsa kugulitsa nyumba kwa anthu omwe si azungu. McDaniel adali mmodzi mwa otsogolera anzake pokana kusamuka. Loya wawo adali Loren Miller, ndipo mu 1945 woweruza Thurmond Clarke adathetsa mlanduwo mokomera mabanja akudawo. Mu 1948 bwalo lalikulu la dziko la America lidagamula kuti makhoti asamakakamize mapangano otere.

Zaka zomaliza

Mu 1947 McDaniel adayamba kusewera Beulah pa wailesi ya CBS. Beulah adalinso wantchito wa m'nyumba, ndipo m'mbuyomo mbaliyi ankasewera ndi amuna achizungu otsanzira mawu a mayi wachikuda. Ulendo uno McDaniel adali ndi mphamvu zoika mfundo zake. Adakana kuyankhula chiyankhulo chopindidwa chija, ndipo adapatsidwa ufulu wosintha mawu amene sadagwirizane nawo. Chimene sadathe kuchita mu 1939 adachichita patapita zaka zisanu ndi zitatu, ndipo pulogalamuyo idakondedwa ndi anthu ochuluka.

Atangoyamba kujambula Beulah ya pa kanema adadwala, ndipo adapezeka ndi khansa ya m'mawere. Adamwalira pa 26 October 1952 ku Woodland Hills, California, ali ndi zaka 59. Adakwatiwapo kanayi koma sadasiye mwana. Khumbo lake lidali loti akaikidwe ku manda a Hollywood Cemetery, komwe kudagona akatswiri anzake, koma eni mandawo adakana chifukwa cha khungu lake. Adaikidwa ku Rosedale Cemetery. Mu 1999 eni atsopano a manda adamukana aja adamuimikira mwala wachikumbutso, ndipo mu 2006 nkhope yake idaikidwa pa sitampa ya dziko la America.

Mphoto yake ya Oscar sidali kachiboliboli kodziwika kaja, popeza nthawi imeneyo osewera mbali zothandizira ankalandira chikwangwani chaching'ono. Iye adaisiyira Howard University, sukulu yaukachenjede ya anthu akuda ku Washington. Mphotoyo idasowa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kapena kumayambiriro kwa m'ma 1970. Mu 2023 bungwe lopereka mphotozi lidapatsa sukuluyo ina yolowa m'malo.

Filimuyi masiku ano

Tikawerengera kusintha kwa mphamvu ya ndalama, Gone with the Wind imaonedwabe ngati filimu yomwe idapeza ndalama zambiri kuposa ina iliyonse. Mu 1989 idali m'gulu la mafilimu oyamba kusungidwa m'kaundula wa mafilimu ofunika wa dziko la America. Idaphunzitsa Hollywood kuti filimu yaitali, yodula, yamitundu ndi yolengezedwa kwa zaka ikhoza kubweza phindu lalikulu. Idathandizanso kufalitsa pa dziko lonse chithunzi chabodza chakuti kumwera kwa America kudali dziko laulemu lomwe lidawonongedwa ndi nkhondo, chonsecho chuma chake chidali pamsana pa akapolo pafupifupi 4 miliyoni.

Mlandu suwola. Mu 2001 Alice Randall adatulutsa buku la The Wind Done Gone, lofotokoza nkhani yomweyi kuchokera kwa kapolo, ndipo osunga chuma cha Mitchell adamutengera kukhothi. Mu 2014 buku la Ruth's Journey la Donald McCaig, lololedwa ndi osunga chumawo, lidapatsa Mammy dzina ndi mbiri, patatha zaka 78 alibe. Mu June 2020, George Floyd ataphedwa ndi wapolisi, kampani ya HBO Max idachotsa filimuyi kwa masabata awiri, n'kuibwezeretsa ili ndi mawu otsogolera a Jacqueline Stewart, katswiri wachikuda wa mbiri ya mafilimu, ofotokoza zimene filimuyo imabisa. Osewera achikuda nawo sadamuiwale McDaniel. Mo'Nique polandira Oscar mu 2010 adavala diresi yabuluu ndi maluwa oyera kumutu pokumbukira mavalidwe a McDaniel a mu 1940, ndipo adamutchula dzina pothokoza.

Mawu omaliza

Taona kuti Hattie McDaniel adachokera m'banja la akapolo omasulidwa, adadutsa m'zisudzo zonyoza mtundu wake, ndipo adafika pa mphoto yapamwamba kudzera pa mbali ya kapolo wopanda dzina. Kumuweruza ngati wogulitsa mtundu wake n'kuiwala kuti zitseko zina zonse zidali zotseka, komanso kuti adamenyera nyumba yake ndi za anzake kukhothi. Kumutamanda kokha osatchula bodza la filimuyi n'kuiwala zimene Walter White ankaona. Wophunzira zolembalemba akamaonera Gone with the Wind ayenera kufunsa mafunso amene timafunsa pa buku lililonse: walemba mawuwa ndani, wawapatsa yani, ndipo kalembedwe kake kakumuika pati woyankhulayo? McDaniel adayankha mafunso amenewa ndi ntchito yake. Mu 1939 adatenga mawu olembedwa ndi ena n'kuwapatsa ulemu umene eni ake sadauganizire, ndipo mu 1947, atapeza mphamvu, adasintha mawuwo.